Tomato akufota, kuda kunsi ndi kung'aluka: kodi ndi matenda kapena ndi madzi?

Bambo wina amene amalima tomato watilembera motere:

"Zikomo alangizi. Ndili ndi mitengo 400 ya tomato wa mtundu wautali uja. Ndinawokera masabata 9 apitawo pa dothi lokhala ndi mchenga wambiri. Mizere ndinatalikitsa masentimita 90, mapando masentimita 45. Madzi ali patali, ndiye ndimathirira kamodzi pa masiku anayi, koma tsiku lothiriralo sindiumira, kheni imodzi ya malita 10 imathera pa mitengo itatu. Poyamba amakula bwino ndithu. Pano masana akumafota, masamba apindikira m'mwamba, maluwa akuyoyoka, ndipo zipatso zambiri za tsango loyamba zada ndi kuuma kunsi ngati zawauka ndi moto. Sabata yatha kunagwa mvula yamphamvu, zimene zinayamba kupsa zang'aluka. Ndapopera mankhwala a chiwawu kawiri koma palibe chasintha. Mnzanga akuti ndiwonjezere feteleza. Kodi ndi matenda anji amenewa? Mundawu ungapulumuke?"

Mtima pansi, bambo. Mwa zonse mwafotokozazi palibe chimene chikuoneka ngati matenda opatsirana, ndipo n'chifukwa chake mankhwala a chiwawu sanaphule kanthu. Botolo lija liikeni kaye pambali, feteleza wa mnzanuyonso adikire. Kufota, kuyoyoka kwa maluwa, kuda kunsi ndi kung'aluka, zonsezi zikuchokera kumodzi: chinyezi cha pamizu chikusinthasintha kwambiri, lero dothi lanyowa, mkuja lauma gwa. Zipatso zimene zawonongeka kale sizingachire, koma tomato amabereka matsango motsatizana, ndipo amene akubwerawo mukhoza kuwapulumutsa mukasintha kathiriridwe sabata yomwe ino.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa apa ndi pamene alimi ambiri amadzinamiza osadziwa. Kheni ya malita 10 pa mitengo itatu ndiye kuti mtengo uliwonse walandira malita atatu ndi pang'ono. Pothirira amaoneka ambiri, pansi pamachita matope. Koma madzi amenewo akuyenera kukwanira masiku anayi, kutanthauza kuti pa tsiku mtengo sukufika ndi lita imodzi yomwe. Tomato wamkulu, wokhala ndi maluwa ndi zipatso, m'nyengo yotentha amamwa mamilimita 4 mpaka 6 pa tsiku. Milimita imodzi ndi lita imodzi yothiridwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa katalikidwe kanu ka 90 ndi 45, malo oterewa amakhala ndi mitengo iwiri ndi theka, ndiye mtengo umodzi ukufuna pafupifupi malita 2 pa tsiku, kuposerapo kukakhala mphepo youma. Munda wonse ndi malita 800 pa tsiku, makheni 80. Pa masiku anayi mbewu yanu ikufuna makheni 320, inu mukupereka 133. Poyamba zimayenda chifukwa mbande yongowokera kumene ili ndi masamba ochepa, theka la lita limaikwanira. Mbewu inakula, ludzu lake linakula nayo, koma mulingo wa madzi unatsala pomwe paja. Kuchokera powokera kufika pokolola komaliza, tomato wa pamunda amafuna mamilimita 400 mpaka 600, ndipo gawo lalikulu limapita m'masabata a maluwa ndi kukula kwa zipatso, amene inu muli mkati mwake pano.

Dothi lanunso silikukuthandizani. Mchenga umagwira pafupifupi theka la madzi amene dothi losakanikirana ndi dongo limagwira pa kuya komweko. Mukathira ambiri nthawi imodzi, ena amathamangira m'ngalande, ena amalowa msanga kupitirira mizu atanyamula ndi nayitrojeni wa feteleza wanu. Tsiku loyamba ndi lachiwiri mbewu ili bwino, lachitatu yayamba kuvutika, lachinayi ikungopirira. Mukabwera ndi makheni imamwa mwaphuma, kenako ulendo womwewo uyambirenso. Tomato amapirirako madzi ochepa akamabwera mosadukiza, koma kukwera ndi kutsika kotereku ndi kumene kumamuwononga.

Mkati mwa mbewu zimayenda chonchi. Pa masamba, makamaka kunsi kwake, pali timabowo tosaoneka ndi maso timene timatulutsa nthunzi ya madzi. Kutuluka kwa nthunziko ndi kumene kumakoka madzi kuchokera kumizu kukwera m'tsinde, ndipo kumaziziritsanso tsamba. Mpweya umene tsamba limapangira chakudya pa kuwala kwa dzuwa umaloweranso pa timabowo tomweti. Dothi likayamba kuuma, mbewu imatseka timabowoto kuti isataye madzi. Yadziteteza, inde, koma yatsekanso khomo la chakudya, ndipo tsamba limatentha chifukwa palibe chikuliziziritsa. Zimenezi zimayamba inu musanaone kufota kulikonse. Choyamba kuima ndi kukula: masamba atsopano amatuluka aang'ono, mfundo za tsinde zimayandikana, nsonga imaonda, kubiriwira kowala kuja kumasanduka kotuwirako. Mlimi amene amadikira kuti mbewu ifote kaye ndiye athirire amakhala atachedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri nthawi zonse.

Si kufota konse kwa masana kumene kuli koopsa. Dzuwa likamaswa mtengo, ngakhale tomato wothiriridwa bwino amagwetsako nsonga, madzulo n'kudzuka. Nthawi yomuweruza ndi m'mawa dzuwa lisanakwere. Mukampeza ali chilili, masamba ali gwa, sanafike poipa. Mukampeza akadali wofooka usiku wonse utadutsa, pamizu pauma kwambiri kapena mizuyo ili ndi vuto. Kupindikira kwa masamba akunsi, kumene tsamba limadzikulunga m'mwamba n'kukhala lochindikala koma lobiriwirabe, ndi njira ina yochepetsera kutaya madzi, ndipo pakokha sikuchepetsa zokolola. Mukusiyanitse ndi matenda a kachilombo kofalitsidwa ndi ntchentche zoyera: amenewo amagwira masamba atsopano akunsonga, amakhala ang'onoang'ono, achikasu m'mphepete, mbewu yonse n'kupinimbira.

Maluwa ndi amene amayamba kutayidwa mbewu ikaona kuti zinthu zavuta. Duwa la tomato limadzipatsa lokha mungu, koma pa ludzu munguwo umakhala wochepa ndi wofooka. Duwa likalephera kugwira, kamfundo kamene kali pa kamtengo kake kamachita chikasu, duwa n'kuthothoka pomwepo. Yang'anani tsango limene layoyola, mupeza timitengo totsala todukira pa kamfundo kameneko. Kutentha kumawonjezera: masana kukamapitirira madigiri 32 ndipo usiku osatsika pansi pa 21, maluwa amayoyoka ngakhale madzi alipo. Kutenthako simungakuletse, koma mbewu imene ili ndi madzi imadziziziritsa, pamene ya ludzu imatentha kuposa mpweya woizungulira.

Tifike pa kuda kunsi kuja, kumene kwakudyerani ndalama za mankhwala. Kumayamba ngati kadontho konyowa, kotuwirako, kunsonga kwa chipatso kumene kunali duwa. Kamakula, kusanduka kabulauni kenako kakuda, kolowa mkati, kouma ngati chikopa. Nthawi zina kunja kumaoneka bwinobwino, koma mukadula chipatso mumapeza mkati mwada. Nkhungu imene imamera pamenepo ndi yobwera pambuyo, yangopeza malo ofa kale. Gwero lake ndi kuchepa kwa kashiamu pa nsonga ya chipatsocho. Kashiamu ndi amene amalimbitsa makoma a timaselo timene timapanga mnofu wa tomato. Akasowa pa nthawi imene chipatso chikukula mofulumira, makomawo amasweka, mnofu wa pamenepo n'kufa.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti kawirikawiri kashiamu m'dothi alimo wokwanira. Chavuta ndi mayendedwe ake. Amakwera m'mbewu atasungunuka m'madzi, ndipo amapita kumene madzi akukokedwa kwambiri, kumasamba. Chipatso chimatulutsa nthunzi yochepa, ndiye chimakoka pang'ono, ndipo nsonga yake ndi malo omalizira kufikako. Kashiamu akangolowa m'tsamba wakhazikika, sasamuka kukathandiza chipatso monga amachitira nayitrojeni ndi potaziyamu. Choncho chipatso chimadalira madzi oyenda tsiku ndi tsiku. Masiku owerengeka a ludzu m'masabata awiri kapena atatu oyamba duwa litagwira ndi okwanira kuyambitsa vutoli. Chimene mukuona lero pa tsango loyamba chinachitika kale, chipatso chidakali chaching'ono ngati nsonga ya chala chachikulu. Ndiye mukakonza kathiriridwe lero, musataye mtima mukaona zina zikudabe sabata yamawa. Zimenezo zinavulala kale. Ntchito yanu muione pa tsango limene likuchita maluwa pano.

Pali zina zimene zimakuza vutoli. Mitundu ya zipatso zazitali, monga Roma ndi abale ake, imagwidwa msanga kuposa yozungulira, pamene timatomato ting'onoting'ono sitigwidwa kawirikawiri. Feteleza wa nayitrojeni wochuluka, makamaka yureya ndi salufeti wa amoniya, amachita zoipa ziwiri: amoniyamu wochokera mwa fetelezayu amalimbirana ndi kashiamu polowa m'mizu, ndipo amakuza masamba ambiri amene amalanda madzi ndi kashiamu yemweyo. Potaziyamu ndi maginiziyamu akachuluka amalimbirananso naye. Uphungu wa mnzanu uja ukanawonjezera moto. Feteleza wothiridwa pa dothi louma amakhala ngati mchere pamizu, amachititsa kuti mbewu ivutike kukoka ngakhale madzi ochepa amene alipo. Kupalira mozama pafupi ndi tsinde kumadula timizu tating'ono takunsonga timene timamwa kashiamu. Udzu wa pafupi ndi mtengo uzuleni ndi manja.

Ena angakuuzeni kuti mupopere kashiamu pamasamba. Thandizo lake ndi lochepa, chifukwa amene walowa m'tsamba sapita ku chipatso, ndipo khungu la chipatso chokulirapo silimulowetsa bwino. Ngati mwagula kale, poperani pa maluwa ndi tizipatso tongogwira kumene, koma musayembekezere kuti alowe m'malo mwa madzi. Makoko a mazira amachedwa kwambiri kusungunuka, sangathandize mbewu ya chaka chino. Kashiamu amasowadi m'dothi likakhala la asidi wambiri, pH yake (mulingo woyezera asidi) ili pansi pa 5.5. Tomato amakonda pakati pa 6.0 ndi 6.8, ndipo laimu wokonzera zimenezi amathiridwa miyezi iwiri kapena itatu musanawokere, mutayezetsa dothi. Zipatso zimene zada kale thyolani, zikungodya chakudya cha zinzake.

Kung'aluka ndi mbali inayo ya nkhani yomweyi. Khungu la tomato wokulira pa ludzu limakhwima, ndipo chipatso chikayamba kupsa limasiya kutamuka bwino. Mvula ija itagwa, mizu inamwa mwaphuma, mnofu unafufuma msanga kuposa mmene khungu likanatsatira, ndipo linangong'ambika. Ming'alu ina imachokera pamene chipatso chimagwirira ku tsango n'kutsika ngati nyenyezi. Imeneyi imakhala yozama, imalowetsa nkhungu ndi tizilombo, chipatso chimawola m'masiku ochepa. Ina imazungulira paphewa ngati mphete, kawirikawiri ndi yosazama ndipo imauma n'kusiya chipsera. Chipatso cha mbewu imene ili ndi chinyezi chokhazikika chimapirira mvula yomweyo chifukwa kusintha kwake sikwakukulu. Mukaona kuti mvula yamphamvu ikubwera, kapena mukufuna kuyambiranso kuthirira mbewu imene inauma, thyolani kaye zonse zimene zayamba kusintha mtundu kunsi. Tomato wofika pamenepo amamaliza kupsa yekha pamthunzi ndipo kukoma kwake sikusiyana kwenikweni.

Pa kukula ndi kukoma, nkhani ili ndi mbali ziwiri. Pa magalamu 100 a tomato wakupsa, pafupifupi 94 ndi madzi. M'masabata awiri oyamba duwa litagwira, chipatso chimachulukitsa timaselo take, ndipo m'masabata atatu mpaka asanu otsatira timaseloto timadzaza madzi ndi shuga. Ludzu la m'nthawi yoyambayo limachepetsa chiwerengero cha timaselo, ndipo chipatsocho sichidzafikanso pa msinkhu wake ngakhale mutadzathirira bwanji pambuyo pake. Ludzu la m'nthawi yachiwiri limapatsa zipatso zazing'ono za khungu lolimba. Koma madzi akachepa pang'ono chabe pamene zipatso zakula kale ndipo zikupsa, shuga ndi kuwawasira kwake zimakhathamira, tomato amakoma kwambiri, amalimba, amayenda ulendo wautali osaphwanyika. N'chifukwa chake olima tomato wa m'mafakitale, amene amapsa nthawi imodzi, amachepetsa kapena kusiya kuthirira masabata angapo asanakolole. Njira imeneyi musaitengere mwachisawawa. Ngati mbewu yanu ikupsetsa tsango lapansi pamene lakumwamba likuchita maluwa, kuchepetsa madzi kudzakometsa lapansi n'kuwononga lakumwamba. Tomato wothiriridwa mopitirira naye ali ndi vuto lake: amakhala wamkulu, wofewa, wamadzimadzi, wosakoma, ndipo sachedwa kuwonongeka akathyoledwa.

Kufiira kwa zipatso kumavutanso. Mbewu ya ludzu imataya masamba akunsi, otsalawo amapindika, zipatso n'kukhala poyera padzuwa. Kufiira kwa tomato sikupangika bwino chipatso chikatentha kupitirira madigiri 30 mpaka 32, ndiye chimapsa mwachikasu, paphewa pamakhala polimba. Mbali yoyang'ana dzuwa imatha kuwauka n'kuchita chigamba choyera, chofota ngati pepala. Ndipo m'munda wouma ndi wotentha akangaude ofiira amaswana mofulumira. Tembenuzani masamba akunsi: mukaona timadontho totuwa pamwamba, tizilombo ting'onoting'ono toyendayenda ndi tiulusi kunsi, amenewo ndi amene angafune mankhwala, osati a chiwawu aja.

Musanathamangire kusefukiza munda, dziwani kuti madzi ochuluka amafotetsa mofanana ndi ludzu. Mizu imapuma. Madzi akadikha m'dothi amathamangitsa mpweya, mizu imasiya kumwa, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu imayamba kufa. Mbewu imafota ili m'matope, masamba akunsi amachita chikasu n'kuzyolika, patsinde pamatuluka timizu tatsopano, mizu yeniyeni imasanduka yabulauni, yofewa, nthawi zina yonunkha. Mlimi akaona kufota amawonjezera madzi, n'kumalizitsa. Pa mchenga wanu zimenezi sizichitika wamba, koma pa dothi la dongo kapena pamalo otsika pamene madzi amasonkhana ndi zofala, ndipo kumeneko tomato amafuna mizere kapena mabedi okwera.

Ndiye musanathire madzi, funsani dothi. Kumbani ndi dzanja kapena kakhasu, kutalikira chikhatho chimodzi kuchokera patsinde, mpaka kuya kwa masentimita 15 kapena 20. Tapani dothi la pansipo mulifinye. Likagwirana ngati mpira, dzanja n'kumva kuzizira, chinyezi chilipo. Likamwazika mukangotsegula dzanja, thirirani. Likatulutsa madzi pakati pa zala kapena kunyezimira, dikirani. Mchenga sugwirana bwino ngakhale uli wonyowa, ndiye pa dothi lanu muziyang'ananso mtundu: wonyowa umakhala woderako ndipo umamatirira pang'ono pakhungu. Pamwamba pamanamiza mbali zonse ziwiri, pamatha kuuma pansi pali ponyowa, kapena kunyowa ndi kamvula kochepa pansi pali pouma. Mizu yambiri ya tomato wowokeredwa imamwa m'masentimita 50 mpaka 60 apamwamba, choncho tsiku lina mukathirira, kumbani m'mawa mwake pakati pa mitengo iwiri muone ngati madzi afika masentimita 30.

Sabata ino chitani motere. Thyolani zakuda ndi zoyamba kupsa zija. Kenako bwezerani chinyezi pang'onopang'ono: lita imodzi ndi theka kapena awiri pa mtengo m'mawa uliwonse, osati malita 8 tsiku limodzi pofuna kubweza ngongole. Pa mchenga thirirani tsiku lililonse, mukalephera dumphani tsiku limodzi lokha. Dothi lapakati limalola masiku awiri kapena atatu, la dongo anayi kapena asanu, mulingo wake n'kuchuluka molingana ndi masikuwo. Chotsani kasefa ka kukamwa kwa kheni kuti madzi apite pansi osanyowetsa masamba, chifukwa masamba onyowa ndi amene amaitana chiwawu chenicheni. Konzani kabeseni kosazama kozungulira mtengo, masentimita 15 kuchokera patsinde. Thirani theka la mulingo, pitirirani mzere wonse, kenako bwererani mudzathire theka linalo. Madzi oyamba amafewetsa dothi, achiwiri amalowa osathawa. Amene ali ndi mapaipi odonthetsa aike kapu pansi pa kabowo koyamba ndi komaliza kwa mphindi 15, achulukitse madziwo kanayi kuti adziwe malita a pa ola. Kapu yakumapeto ikakhala ndi ochepa kwambiri, timabowo tatsekeka kapena mphamvu ya madzi ndi yochepa, ndipo mitengo yakumapeto ndi imene idzayambe kuda kunsi.

Phimbirani. Pa zonse zimene mungachite osanyamula kheni ina, ichi ndicho chachikulu. Udzu wouma wopanda njere kapena mapesi, kuchindikala masentimita 5 mpaka 8, oyalidwa dothi lili lonyowa, kusiya mpata wa zala zitatu kuzungulira tsinde kuti lisawole. Zophimbira zimachepetsa madzi otayika ndi dzuwa, zimaziziritsa mizu, ndipo zimachititsa kuti chinyezi chitsike pang'onopang'ono pakati pa kuthirira kuwiri. Zotsalira za tomato, mbatata yachizungu kapena tsabola musagwiritse ntchito, zimasunga matenda a mbewu yomweyi. Chotsaninso mphukira zosafunika zidakali zazing'ono, koma masamba ophimba zipatso asiyeni. Feteleza adikire mpaka mbewu itadzuka ndi kuyamba kutulutsa masamba abwino, mwina patatha sabata. Pamenepo thirani pang'onopang'ono, pa dothi lonyowa, masentimita 10 kuchokera patsinde, ndipo musankhe wokhala ndi kashiamu ndi potaziyamu m'malo mwa yureya.

Pali mawu amodzi owawa amene sindingakubisireni. Makheni 133 pa masiku anayi ndi makheni 33 pa tsiku, malita 330. Kungowagawa tsiku ndi tsiku ndi kuphimbira kusintha zinthu ndithu, koma sakwanira mitengo 400 imene ili pachimake pobereka. Mutaphimbira bwino angasamale mitengo 200 kapena kucheperapo. Ngati pali njira yosungira madzi m'migolo pafupi ndi munda kapena yopezera thandizo lotunga kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi akubwerawa, chitani, chifukwa ndi m'masabata amenewa mmene muli phindu lonse la mundawu. Ngati palibe, sankhani mizere yamphamvu muipatse mulingo wokwanira, ndipo pa yotsalayo patulirani zipatso, kusiya zitatu kapena zinayi pa tsango kuti katundu achepe. Mitengo 200 ya tomato wogulitsika ndi yabwino kuposa 400 ya zakuda ndi zong'aluka. Ulendo wina muwerenge kaye malita amene mungathe kubweretsa pa tsiku, mugawe ndi 2, yankho lake ndiye mbande zimene muwokere.

Mukachita zonsezi kwa masiku asanu mpaka sabata, mbewu iyenera kumadzuka m'mawa ili chilili ndipo maluwa atsopano ayenera kuyamba kugwira. Ngati ina ikufotabe dothi lili lonyowa bwino, pali china, ndipo mungachifufuze nokha musanaitane mlangizi wa zaulimi. Zulani mtengo umodzi wodwala ndi mizu yake. Mizu ikakhala ndi timafundo totupa ngati mikanda, ndi timinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, timene timakonda kwambiri dothi la mchenga ndipo timatsekereza madzi. Ng'ambani tsinde m'litali pafupi ndi pansi. Mukaona mizere yabulauni mkati, ndipo masamba anayamba kuchita chikasu kuchokera pansi, nthawi zina mbali imodzi yokha ya mtengo, ndi nkhungu ya m'nthaka yotchedwa Fusarium. Ngati mtengo unafota wonse mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dulani kachidutswa ka tsinde lapansi, mukalendewetse m'tambula ya madzi oyera osagwedeza kwa mphindi zingapo. Mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo, ndi matenda ofotetsa a mabakiteriya. Amenewa alibe mankhwala opopera, ndipo amayenda ndi madzi ndi dothi la pakhasu. Zulani mitengo yogwidwayo ndi dothi la pamizu, muitulutse m'munda, ndipo madzi ochokera pamalo amenewo asayenderere kupita ku mitengo yabwino.

Mlangizi muitaneni msanga mukapeza chimodzi mwa zitatuzi, chifukwa zimakhudza zimene mudzabzale pamalopo kwa zaka zingapo. Muitaneninso ngati matsango atsopano akudabe kunsi patatha masabata atatu mukuthirira mosadukiza, kapena mukaona zoyera ngati mchere pamwamba pa dothi likauma, masamba akuwauka m'mphepete. Pamenepo dothi ndi madzi ziyezedwe. Zokolola za tomato zimayamba kutsika mchere wa m'dothi ukadutsa 2.5 dS/m (mulingo umene oyeza dothi amayezera mchere), ndipo madzi a pachitsime kapena pamjigo amatha kukhala ndi mchere wokwanira kuvutitsa mbewu ngakhale pakamwa usakumveka kwenikweni. Popita tengani mtengo wathunthu ndi mizu yake m'thumba la pulasitiki, zipatso ziwiri kapena zitatu zowonongeka, dothi lotapidwa malo asanu kapena kuposa mpaka kuya kwa masentimita 20 n'kusakanizidwa, theka la lita la madzi amene mumathirira m'botolo lotsuka bwino, ndi pepala lolemba masiku amene munathirira, feteleza amene munathira ndi mankhwala amene munapopera.